Wotchi imamva mtima, ntchafu siyizimva

Abale anzanga, masiku ano othamanga ndi osewera mpira akumagona atavala wotchi kapena mphete, za Garmin, Polar, Oura ndi zina zotero. Ati kukacha kachipangizoko kawauza ngati thupi lapuma mokwanira kapena ayi.

Nkhani yake ili apa. Mtima sugunda ngati ng'oma ya asilikali pa perete ayi. Ngakhale ukugunda ka 60 pa mphindi, mpata wa pakati pa kugunda kwina ndi kunzake umasinthasintha, pena kutalikirako, pena kufupikirako, ndi timagawo ting'onoting'ono ta sekondi. Kusinthasinthako akatswiri amakutcha HRV. Thupi likapuma bwino kumakwera. Likatopa, likadwala, kapena mwini wake akachezera ku bala, kumatsika. Ku Finland mu 2007 ofufuza adapeza kuti othamanga amene ankasankha tsiku lodzipanikiza potengera HRV ya m'mawa adapindula nazo. Apo ine sinditsutsa.

Koma ena afika pomati nambala yomweyo ingalosere ngati mawa minofu idzawawe. Apa pokha ndiye ayi, tisanamizane.

Kafunseni aliyense amene adathamangako Porters Race pa phiri la Mulanje. Chitunda chimatha mpweya, koma chopha miyendo ndi mtsetse. Potsika, minofu ya m'ntchafu imagwira ntchito ya mabuleki, imakokeka uku ikulimbalimba, ndiye imang'ambika pang'onopang'ono mkatimo. Tsiku lomwelo munthu umangoseka, kumwa Fanta, kudzitama. Ululu weniweni umadzafika pakatha maola 24 mpaka 72, moti tsiku lachiwiri kunjuta ku chimbudzi imakhala nkhondo. Zija amanena makochi ena zoti ndi lactic acid, bodza. Ameneyo amakhala atachoka kale m'magazi pakangotha ola limodzi kapena awiri.

Tsono taonani. Pofika tsiku lachiwirilo, mtima wa munthu wozolowera kuthamanga nthawi zambiri umakhala utabwerera m'chimake. Wotchi n'kumakuuza kuti uli bwino, kathamange, pomwe ntchafu zikulira.

Inu a kochi, musanakalire kwa mabwana kuti akugulireni mawotchiwa, tamuuzani mnyamata wanuyo atsike masitepe inu mukuona. Akamagwira khoma, mupumitseni. Ndipo ngati mpikisano uli ndi mtsetse, ayambe kutsika zitunda kudakali masabata angapo, poti minofu ikapwetekapo kamodzi, ulendo wachiwiri simawawa ngati poyamba.