Mbozi imamveka, chambo chikutha mwakachetechete

Mu Disembala 2017, Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha ntchemberezandonda zachilendo zochokera ku America. Ku Capital Hill adachitapo kanthu msanga, ndipo zinali zoyenera. Gulugufe mmodzi wa mbozi imeneyi amaikira mazira ofika 1,000, amatha kuuluka makilomita 100 usiku umodzi, ndipo kukatentha mbadwo watsopano umatuluka pa masiku 30 okha. Mukaipha lero, mawa yabwera ndi abale ake.

Tsono taonani nyama ina, ya kunyanja yamchere: dolphin wa linunda pamsana, wopezeka kugombe la Mozambique, ku Maputo ndi ku Bazaruto. Si nsomba ayi. Amapuma mpweya ngati ife, amayamwitsa. Bere amakhala nalo pafupifupi chaka, mwana amabadwa mmodzi, wina mpaka patapita zaka zitatu. Vuto lake n'lakuti sakonda kwakuya. Amakhala m'madzi osaya, momwemo asodzi amatchera matchera, ndipo akakodwa amafa posowa mpweya. Chaka chomwecho cha 2017 bungwe la IUCN lidamuika pa nyama zomwe zatsala pang'ono kutha. Palibe munda womwe udawonongeka, ndiye ndani akadakuwa?

Abale anga a kunyanja, chambo chathu chili mbali ya dolphin. Mayi wa chambo amasunga mazira ndi ana mkamwa, kenako n'kukawasiya kosaya, komwe khoka la maso ang'ono ndi neti ya udzudzu zimakokolola kasawala yense. Mu 2018 IUCN yomweyo idati mitundu itatu ya chambo ili pangozi yayikulu kwambiri. Mbozi ingapirire nkhanza zathu zonse, koma nsomba yolera ana chonchi singathe.

Ifeyo tili ndi mlandu wathu, tisakane. Koma mlandu suthera padoko. Nyanja ikatsekedwa mu Novembala ndi Disembala, msodzi ndiye amalandidwa khoka, pomwe wogula wa ku Area 10 kapena Area 43 amafunsa mtengo basi, osafunsa kuti nsombayo yagwidwa bwanji. Ine ndikuti alangizi a zausodzi aziyendanso mumsika wa ku Old Town miyezi imeneyi, aziyeza msinkhu wa chambo pamabenchi, ndipo wopezeka ndi kasawala wambiri azinena doko lomwe wamugula.