M'bindikiro wa ana asukulu: tiyambe tawerenga mbale

Sabata yathayi mayi wina woyandikana naye nyumba, amene amagulitsa tomato ndi anyezi mumsika, anandionetsa kapepala komwe mwana wake wamkazi wa Fomu 3 anabwera nako kuchokera kutchalitchi. Ndi kalata yoitanira ana asukulu ku m'bindikiro wa kumapeto a sabata. Analembapo dzina la mlaliki, mutu wa msonkhano, ndalama yolipira, ndi mawu oti aliyense atenge Baibulo, mbale ndi bulangete. Basi. Za komwe anawo akagone, galimoto yomwe akwere, kapena wamkulu amene akawayang'anire usiku, ayi ndithu mulibe. Mayiyo anandifunsa kuti, "Achimwene, inu sukulu munapitako, mwanayu ndimulole kapena ndimukanize?" Ndinangoti kakasi, pakuti kapepalako sikanandipatse poyambira.

Ndinene poyera ndisanapite patali, kuti wina angandiyese mdani wa mpingo. Ine m'bindikiro ndimaufuna. Ndili kusekondale ndinapitako kangapo, ndipo nkomwe ndinayamba kuyankhula pagulu osanjenjemera. Mabungwe a ophunzira achikhristu si achilendo m'dziko muno. SCOM inayamba mu 1961, dziko lino lisanalandire ufulu wodzilamulira. Akatolika ali ndi YCS, a CCAP ali ndi CCAPSO. Mu March 1992, maepiskopi achikatolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula kayendetsedwe ka dziko, ophunzira a pa Chancellor College ku Zomba anaguba kuonetsa kuti ali mbali ya maepiskopiwo, mpaka koleji inatsekedwa. Mtima wotere mwana sautola panjira. Umakula pang'onopang'ono m'timagulu momwe achinyamata amawerenga, kupemphera ndi kutsutsana momasuka. Choncho nkhani yanga si yothetsa m'bindikiro, koma ya kakonzedwe kake.

Vuto ndalionera apa. Komiti ikakhala pansi imayamba ndi kufunsana kuti tiitane mlaliki uti, tibwereke kuti zimkuzamawu, matisheti akhale a mtundu wanji. Zikatha izi nthawi yathanso, ndiye za chakudya, kogona ndi mayendedwe amangoti "Ambuye adzapereka." Abale, kumeneko nkuyamba kufolera nyumba maziko usanakumbe. Ambuye amene tikuwatchulawo, pamene anadyetsa anthu 5,000 aja, anayamba afunsa kuti mikate ilipo ingati, nakhazika anthuwo m'magulu a 100 ndi a 50, ndipo atatha kudya zotsala anaziwerenganso, mitanga 12. Werengani Marko 6 muone nokha. Ngati Mwini wake anawerenga, ife ndife yani kuti tizingoyendera mphwayi nkumati ndi chikhulupiriro?

Tiyeni tiwerenge limodzi, monga amachitira aliyense wa geni asanakapikule katundu. Tiyerekeze kuti ana ndi 60. Afika Lachisanu madzulo, adya. Loweruka adya katatu. Lamulungu adya kadzutsa ndi nkhomaliro asananyamuke. Kumeneko ndi kudya kasanu ndi kamodzi, kutanthauza mbale 360, osawerengera ophika, aphunzitsi ndi alendo. Ufa wake ndi wochuluka bwanji? Nyemba, kabichi, mafuta, mchere, shuga wa phala, nkhuni? Amayi a Mvano, a Chigwirizano kapena a Dorika, amene amaphika pamaukwati ndi pamaliro, yankho lake amalidziwa pamtima, koma kawirikawiri komiti imawakumbukira Lachinayi usiku. Ndikukumbuka m'bindikiro wina umene ndiwo zinatha Loweruka masana. Madzulo ake atsogoleri anangoimirira nkulengeza kuti Mzimu wawauza kuti tonse tisale kudya. Tinaimba ndithu, koma tonse tinkadziwa kuti wasala kudya ndi mphika.

Mitengo nayo siikhala malo amodzi. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, wamalonda aliyense akudziwa kuti mtengo umene wamva lero si umene ukaupeze mwezi wamawa. Komiti yanzeru imagula msanga zinthu zosaonongeka, monga ufa ndi nyemba, ndipo imasiyako kandalama kapadera koyembekezera zadzidzidzi: mwana wadwala malungo usiku, tayala laphulika, magetsi azima. Ndalama imeneyi isakhale m'thumba la munthu mmodzi. Paulo, potumiza chopereka cha mipingo ku Yerusalemu, anafuna kuti pakhale abale osankhidwa ndi mipingoyo operekeza ndalamazo, kuti pasapezeke womunena. Ngati Paulo anaopa kunenedwa, msungichuma wa achinyamata asakwiye tikamupempha malisiti. Masiku ano ambiri amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba. Nambala yolandirira idziwike kwa akulu ampingo, ndipo amene walipira alembedwe m'buku lomwe anthu awiri asayinapo.

Tsono pali mwana uja amene dzina lake silifika m'bukumo. Pamene wapampando akulengeza mtengo, iye amangoyang'ana pansi, ndipo akafunsidwa amati kunyumba kuli zochita. Zoona zake nzakuti bambo ake ndi a kabaza, kapena amakhala ndi agogo, ndipo fizi ya temu ino sanamalize. Nthawi zambiri uyu ndi amene m'bindikiro ukanamuthandiza koposa, chifukwa ndi amene ali pafupi kusiya sukulu. Ndikunena zimene ndikuzidziwa, pakuti nane maphunziro anga anathera panjira. Komiti imene yagula matisheti koma yasiya ana asanu kaamba kosowa ndalama, yalephera isananyamuke. Chotsani matisheti. Lolani wina alipire ndi ufa, wina ndi nkhuni. Amalonda a mumpingomo apemphedwe kuti aliyense anyamule mwana mmodzi, mwakachetechete, osachita kumuimiritsa mwanayo kutsogolo kuti anthu amuombere m'manja. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Malo nawonso amakweza kapena kutsitsa mtengo. Mipingo yathu ili ndi malo omangidwira ntchito yotereyi: Likhubula m'tsinde mwa phiri la Mulanje, Chilema ku Malosa, Chongoni ku Dedza, ndi ena otero. Kumeneko kuli zipinda, madzi ndi khitchini, koma muyenera kufunsa malo nthawi ikadalipo, komanso kuwerengera ulendo. Amene alibe ndalama yofikira kutali asachite manyazi kubwereka makalasi a sukulu ya mishoni yapafupi. Chachikulu nchakuti anthu awiri a komiti apiteko ndi miyendo yawo sabata ziwiri zisanakwane, akaone zitseko ngati zimatsekeka, zimbudzi ngati zilipo zokwanira, mjigo ngati ukutulutsa madzi, ndi mtunda wokafika kuchipatala. Ku Dedza mwezi wa June kumazizira koopsa, kunyanja udzudzu sugona. Izi kholo liyenera kuuzidwa pakalata, kuti lidziwe chomulongedzera mwana.

Za madzi ndi zimbudzi wina aziona ngati nkhani yonyozeka pa zinthu za Mulungu. Tisaiwale msanga. Kolera amene anabuka mu 2022 nkupitirira mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu January 2023 sukulu za ku Blantyre ndi ku Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Ana 60 pamalo amodzi, chimbudzi chimodzi, chidebe chimodzi chosambamo m'manja onse asanadye, kumeneko nkuitana matenda ndi manja awiri. Sopo, ndowa ya mpopi ndi mankhwala othira m'madzi akumwa mtengo wake sufika ngakhale pa ndalama yobwerekera jenereta.

Nanga mayendedwe? Tonse taonapo lole ikudutsa mumsewu itadzaza ana, ena atakhala m'mphepete miyendo ili lendelende, akuimba nyimbo za chitsitsimutso, dzuwa litalowa kale. Anthu m'mbali mwa msewu amakweza manja kusangalala nawo, koma mayi amene mwana wake ali pamenepo atati aone mtima ungaime. Lole ndi ya matumba a chimanga. Ngati ndalama ya basi yochita hayala palibe, sankhani malo apafupi oti ana akafike masana. Dalaivala adziwike, mapepala a galimoto aonedwe, ndipo m'galimoto iliyonse mukhale wamkulu wonyamula mndandanda wa maina, woti awerenge ana ponyamuka ndi pofika. Lamulungu anyamuke msanga, kuti mwana wa ku Ndirande kapena kwa Mtandire asatsike pa siteji mdima utagwa nkumayenda yekha.

Tifike pa nkhani imene ambiri amaizemba. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Ophunzira ambiri a sekondale ali m'gulu limeneli. Ndiye kuti mpingo ukawatenga Lachisanu, wasenza udindo wa kholo mpaka Lamulungu. Atsikana agone kwaokha ndi amayi odziwika bwino mumpingo, anyamata kwaokha ndi abambo. Pasapezeke mlaliki, patironi kapena mtsogoleri wa nyimbo woitanira mtsikana m'chipinda kapena kuseri kwa tchalitchi usiku ati kukamupempherera payekha. Uphungu uchitike poonekera, masana, ndipo mtsikana apatsidwe mayi woyankhula naye. Lamuloli silinyoza munthu wa Mulungu, limamuteteza iye yemwe ku mabodza, ndipo munthu woongoka sangalikane. Wolikana ndi amene tiyenera kumuyang'anitsitsa. Ana auzidwe tsiku loyamba lomwe kuti wina akawachita zosayenera akanene kwa yani, komanso kuti pali nambala yaulere ya 116 yothandiza ana. Nkhani yotere ikachitika si yokambirana kuvestile nkukhululukirana mwachinsinsi, ndi ya kupolisi.

Pomaliza pake tibwere ku pologalamu, imene komiti imayambira ija. Ambiri amaganiza kuti m'bindikiro wamphamvu ndi umene ana sanagone: ulaliki kuyambira m'mawa, usiku wonse mapemphero, mbandakucha kudzutsidwanso. Pa Machitidwe 20 pali mnyamata Utiko, amene anagona tulo Paulo akulalikira mpaka pakati pa usiku, nagwa kuchokera pazenera la nyumba yosanja. Paulo anali ndi mphamvu yomudzutsa. Alaliki athuwa kaya. Mwana amene Lolemba ali ndi kalasi, mwina mayeso a MSCE ali pakhomo, ayenera kugona. Ndipo ayenera kupatsidwa mpata woyankhula. A YCS ali ndi njira imene anaiyamba wansembe wa ku Belgium, Joseph Cardijn: kuona zimene zikuchitika, kuziunika ndi mawu a Mulungu, kenaka kuchitapo kanthu. Njira imeneyi mpingo uliwonse ungathe kubwereka. Agaweni anawo m'timagulu ta anthu 8 kapena 10, akambirane zimene zikuwasowetsa tulo: fizi, kubera mayeso, chibwenzi, mimba, mowa ndi chamba, njuga za pafoni, mnzawo amene akuganiza zodzipha. Itanani namwino, mphunzitsi, ngakhale mayi wa geni amene waphunzitsa ana ake ndi mandasi. Mwana amene wabwerako atangosasa mawu koma funso lake lili chikhalire mumtima, ndalama ya mayi ake yapita pachabe.

Ndikudziwa chimene okonza misonkhanoyi anganene. Ati ife timangodzipereka, sitilandira kanthu, ena ndife ophunzira omwe, ndiye mukutisenzetsa katundu wolemera. Kumeneko nkoona, ndipo ambiri a iwo ndi anthu a mtima wabwino amene amathira ndalama zawo zomwe. Nchifukwa chake mlandu waukulu ndikuupereka kwa abusa, ansembe ndi akulu ampingo, amene amasiyira ana ntchito yonse nkungobwera Lamulungu kudzatseka ndi pemphero. Mutu umodzi susenza denga. Atumwi omwe, madandaulo atabuka pa kagawidwe ka chakudya, anasankha amuna 7 a mbiri yabwino oti ayang'anire ntchitoyo, ndipo sanaione ngati ntchito yotsika. M'komiti mukhale ophunzira eni ake, kholo limodzi kapena awiri, mayi wodziwa za kukhitchini ndi mkulu wa mpingo. Akabwerako, pasanathe sabata ziwiri, aimirire pamaso pa mpingo anene kuti tinatolera zakuti, tinagula zakuti, zatsala zakuti, ndipo ana anagwirizana kuchita chakuti kusukulu kwawo.

Kwa inu ophunzira, musaope kufunsa. Kufunsa za chimbudzi kapena za lisiti si kusowa chikhulupiriro. Kwa inu makolo anzanga a mumsika, ndalama imene mukupereka mwaipeza mutakhala padzuwa tsiku lonse, ndipo mwana amene mukupereka ndi woposa ndalamayo. Muli ndi ufulu wonse wodziwa kumene akupita.

Mayi uja ndinamuuza kuti asamukanize mwanayo, koma apite yekha kwa atsogoleriwo akafunse zinthu zinayi: akagona kuti ndipo ndi mayi uti, akwera chiyani ndipo abwera nthawi yanji, ndalamayi igula chiyani, ndipo mwana akadwala aimbire yani. Anapitadi, atavala chitenje chake cha kumsika chomwecho. Akuti atsogoleriwo anayamba ayang'anana, kenaka mmodzi anatulutsa cholembera nayamba kulemba. Kalata yachiwiri yatuluka dzana, ndipo ili ndi dzina la mayi wogona ndi atsikana. Za galimoto akuti akukambiranabe, ndipo mayiyo wanenetsa kuti ndalama yake atulutsa akaiona basiyo ndi maso.