Sewero la ku Korea Limene Linakwiyitsa Olikonda

Usiku wa pa 3 Epulo 2022, wailesi ya kanema ya tvN ya ku South Korea inaonetsa gawo lomaliza la sewero la chikondi lotchedwa Twenty-Five Twenty-One. Seweroli linali ndi magawo 16, linayamba pa 12 Febuluwale chaka chomwecho, ndipo linkaonetsedwa Loweruka ndi Lamulungu lililonse, pamene anthu a m'maiko ena ankalitsatira kudzera pa Netflix. Gawo lomalizalo ndilo linakopa oonerera ochuluka koposa magawo ena onse. Koma kutacha, madandaulo anali ponseponse, m'Korea momwemo ndi kunja komwe, pakuti mnyamata ndi mtsikana amene anthu anawatsatira kwa milungu isanu ndi itatu sanakwatirane. Ambiri ananena kuti apusitsidwa.

Kuti munthu aweruze bwino mlanduwu, ayenera kuyamba wadziwa pamene nkhani inachokera. Imayambira m'chaka cha 1998, dziko la South Korea lili pa mavuto aakulu a zachuma. Kumapeto kwa 1997 boma la dzikolo linali litapempha thandizo ku bungwe la IMF ndi kwa obwereketsa ena, ndipo linalonjezedwa ndalama zoposa madola 50 biliyoni. Makampani akuluakulu anagwa, anthu miyandamiyanda anachotsedwa ntchito, ndipo kumayambiriro kwa 1998 nzika zinafika popereka mphete ndi mikanda yawo ya golide kuti dziko lipeze ndalama zakunja. Anthu a kumeneko nyengoyo amangoitchula ndi dzina la IMF, monga mmene akuluakulu a kuno amatchulira njala ya 1949.

M'nyengo yoteroyo ndimo mukumana Na Hee-do, mtsikana wa zaka 18 wochita masewera olimbana ndi malupanga, amene gulu lake la pa sukulu lathetsedwa kaamba kosowa ndalama, ndi Baek Yi-jin, mnyamata wa zaka 22, mwana wa munthu wolemera amene kampani yake yagwa. Mnyamatayo wasiya yunivesite, abale ake abalalika, ndipo iye akugawa nyuzipepala m'makomo, eni ngongole za bambo ake ali pambuyo. Awiriwa amalimbikitsana mpaka mtsikanayo akhala katswiri wolandira mendulo za golide, mnyamatayo nakhala mtolankhani wa pa wailesi ya kanema. Kim Tae-ri ndi Nam Joo-hyuk, amene anasewera mbali ziwirizi, anachita bwino kwabasi, kotero kuti Kim Tae-ri analandira mphoto ya Baeksang ya chaka chomwecho.

Tsono pafika pa 11 Sepitembala 2001. Yi-jin atumizidwa ku New York kukatola nkhani za nyumba zitalizitali zimene zigawenga zinagwetsa, ndipo zimene akuona kumeneko zimusweratu mtima. Asiya kuuza bwenzi lake zakukhosi, malonjezo obwerera kwawo alephereka, ndipo pamapeto pake apempha kukhazikika pa ntchito komweko osayamba wakambirana naye. Chibwenzi chithera pomwepo.

Kodi woonerera wokwiya uja akunena zoona? Pa mbali imodzi ayi. Mlembi wa seweroli, Kwon Do-eun, sanabise kumene nkhani ikupita. Kuyambira gawo loyamba, amene akuwerenga mabuku akale a Hee-do, olembamo za tsiku ndi tsiku, ndi mwana wake wamkazi, ndipo dzina la mwanayo ndi Kim Min-chae. Ku Korea mwana kawirikawiri amatenga dzina la banja la bambo ake, motero mwana wa Baek sakanatchedwa Kim. Ngakhale dzina la sewerolo linatengedwa ku nyimbo ya gulu la Jaurim ya mu 2013, imene ndi ya munthu wokumbukira chikondi chimene chinapita. Ndiponso chifukwa chosiyanirana chinabzalidwa kale. Mayi ake a Hee-do ndi woulutsa nkhani, ndipo pa maliro a mwamuna wawo sanaoneke chifukwa anali pa ntchito. Mtsikana amene anakula akudikira mayi osabwera sangalole kukalamba akudikiranso mwamuna wa ntchito yomweyo. Akale anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo Yi-jin anafuna kubisala m'mapanga onse awiri. Mnyamata kapena mtsikana amene wangomaliza sukulu, amene ntchito kapena maphunziro zikumuitanira kutali ndi wokondedwa wake, sangaione nkhaniyi ngati yachilendo.

Komabe kunena kuti oonerera anangofuna ukwati ndi nthungululu ndi kuwapeputsa. Dandaulo la ambiri linali pa kamangidwe ka nkhani, ndipo apa mpamene akunena zomveka. Mlembi anatha magawo pafupifupi 14 akumanga chikondi cha anthu awiri amene mphamvu yawo inali kulankhulana mosabisa. Anapirira umphawi, kusiyana malo, ngakhalenso mikangano ya pakati pa ntchito ya mtolankhani ndi ubwenzi wake ndi anthu amene amalemba za iwo. Kenaka chikondi chomwecho achigwetsa m'magawo awiri, ndipo chochigwetsa ndi kusalankhulana. Munthu amasintha, zimenezo n'zoona, ndipo chisoni chimatseka pakamwa. Koma m'sewero, kusintha kwa munthu kuyenera kuonetsedwa pang'onopang'ono monga mmene chikhalidwe chake choyamba chinaonetsedwera. Mphunzitsi aliyense wa zolembalemba amene anachongapo chimangirizo cha mwana wa sukulu amalidziwa vutoli: masamba atatu a chiyambi chokoma, kenaka belu litalira, mizere inayi yothamanga yomalizira. Panalinso ena amene anaona kuti tsoka la anthu pafupifupi 3,000 amene anafa tsiku lija linagwiritsidwa ntchito ngati mpeni chabe wodulira chibwenzi.

Chinanso chimene chinawawa anthu ndi chakuti sewerolo linasewera ndi chiyembekezo chawo. Mwamuna amene Hee-do anakwatiwa naye saonetsedwa nkhope ngakhale kamodzi. Kubisa kotereku kunapatsa oonerera mpata woganiza kuti mwina Yi-jin anasintha dzina, mwina analeredwa ndi banja lina pothawa ngongole, ndipo milungu yonseyo anthu anali kalikiliki kufufuza zizindikiro. Njira imeneyi si yatsopano pa tvN. Sewero la Reply 1988, la mu 2015 ndi 2016, linakokanso anthu ndi funso lakuti mtsikana adzakwatiwa ndi yani, ndipo nalonso linasiya gulu lalikulu likung'ung'udza. Funso losayankhidwa ndilo limabweza munthu pa kanema Loweruka lotsatira, ndipo kuchuluka kwa oonerera ndiko kumakopa amalonda. Wailesi imene yadyerera chidwi cha anthu motere siingadabwe anthuwo akabwera kudzalonjerera.

Palinso kanthu kakang'ono kamene kanapweteka koposa zazikuluzo. Pakati pa seweroli, achinyamata asanu amapita ku nyanja, nakhala pa mchenga madzulo akulakalaka kuti nyengo imeneyo isathe. Mwana uja atafunsa mayi ake za ulendowo patapita zaka zoposa 20, Hee-do wachikulire ayankha kuti sakuukumbukira. Mlembi ayenera kuti ankafuna kuonetsa mmene zaka zimafufutira zinthu. Koma kwa munthu amene anagwetsa misozi poonerera gawo limenelo, yankholo linamveka ngati kumuuza kuti analirira chabe. Moyo wa Hee-do wachikulire nawonso unaonetsedwa mozizira, mwamuna kulibe, anzake aja osaoneka, kotero kuti woonerera analibe poonera kuti kusiyanako kunabala chimwemwe china.

Mkangano wotere ku Korea unayamba kale. Mu 2004 sewero la Lovers in Paris, la pa wailesi ya SBS, linatha ndi kuulula kuti nkhani imene anthu anaitsatira inali yongolembedwa ndi mtsikana wa m'seweromo, ndipo mapeto amenewo amatchulidwabe anthu akamakamba za masewero amene anakhumudwitsa owakonda. Kusiyana kwake n'kwakuti Twenty-Five Twenty-One silinakane kuti chikondicho chinalipo. Mu 2009 wa m'nkhaniyo, Yi-jin, amene tsopano ndi woulutsa nkhani, afunsa Hee-do mafunso pa kanema dziko lonse likuona, namufunira mafuno abwino pa ukwati wake. Ndipo m'kachigawo kotsiriza, iye waiwala mawu achinsinsi otsegulira pa kompyuta, makinawo amufunsa dzina la munthu woyamba kumukonda, ndipo alemba kuti Na Hee-do. Ena mwa oonerera anati kachigawo kameneko kanawatonthoza, ena anati kanangothira tsabola pa chilonda.