Mwana akadwala khansa, ndani amasulira ambuya?

Abale a ku Chinyunyu, mwana akapezeka na khansa, ulendo ni wa ku Lusaka, ku Cancer Diseases Hospital. Adokotala akakamba Cizungu, ambuya operekeza mwana, amene amva Cisoli cabe, angogwedeza mutu. Manje adzadziwa bwanji kuti mankhwala amathothola tsitsi ndi kusanzitsa, koma safunika kulekezedwa? Akaona mwana wafooka, aganiza kuti mankhwala ndiwo akumupha, n'kubwerera naye kumudzi. Pomwe khansa zambiri za ana zimapola mankhwala akatsirizidwa.

Cisoli sicili pa zilankhulo 7 zimene boma linasankha, koma Asoli naonso ni a Zambia. Unduna wa Zaumoyo ulembe nchito omasulira ophunzitsidwa bwino. Inunso makolo, musasaine pepala musanamvetse. Funsani, mwana ni wanu.