Chilumba sichilandidwa ndi pakamwa

Pakati pa masewera ambirimbiri amene achinyamata a masiku ano amathera nthawi yawo pa intaneti, alipo ena amene alibe mfuti yooneka ndi maso kapena phokoso la mabomba, amene chida chawo chonse ndicho mawu olembedwa. Ndipo mwa onsewo, amene ndifuna kunena lero ndi NationStates, amene adayambitsidwa m'chaka cha 2002 ndi Max Barry, mlembi wa ku Australia, pofuna kuti anthu adziwe za buku lake lotchedwa Jennifer Government. M'masewerawa munthu amadzipangira dziko lakelake, nalitcha dzina, nalijambulira mbendera, nalisankhira ndalama ndi nyama yoimira fuko. Ndipo dzikolo, limene limabadwa ndi anthu ongoganizira okwana 5 miliyoni, limakula tsiku ndi tsiku pamene mwini wake akuweruza nkhani za boma zimene kompyuta imam'tulira. Mwini masewerawa sadaikemo podina kuti asilikali anyamuke. Komabe, popeza mtima wa munthu sukhala nthawi yaitali ndi dziko osasuzumira kuseri kwa malire a mnzake, osewerawo adadzipezera okha njira: amamenya nkhondo zawo polemba, uyu ndime yake, uyo ndime yake, mosinthana, kufikira nkhaniyo itafika pamene onse avomerezana kuti yatha.

Tsono m'bwalo lotere amatulukira mnyamata wongoyamba kumene, amene dziko lake lakhwima pang'ono, ndipo poona pa mapu ongojambula kachilumba ka mnzake katakhala phee pakati pa nyanja, kobiriwira, kopanda linga, amafunsa kuti, kodi ndingakathire nkhondo bwanji kuti kakhale kanga? Ena amaliseka funsoli, ndipo makolo ambiri akalimva amapukusa mutu, nati ana ataya nzeru. Ine ndiliyesa funso loyenera kuyankhidwa mwaulemu, pakuti yankho lake loona limafika pamene maphunziro ambiri a m'kalasi safikapo; ndipo yankholo, monga ndilionera, ndi lakuti chilumba chotere amachilanda munthu yekhayo amene wayamba wapempha mwini wake, amene walemba za nyanja mosanama, ndiponso amene walolera mumtima mwake kuti mwina nkhondoyo idzam'kanika.

Ndisanapitirire ndinene kuti ilipo njira ina imene osewera ena amaikonda, ya kulowa mwaunyinji m'chigawo cha anzawo pa nthawi imene kompyuta ikuwerenga mavoti, zimene zimachitika kawiri pa tsiku, ndi kukweza mmodzi wa iwo akhale mtsogoleri wa chigawocho kudzera m'bungwe la World Assembly, limene linkatchedwa United Nations kufikira m'chaka cha 2008, pamene bungwe lenileni la dzina limenelo lidalemba kalata yoletsa. Kumeneko n'kuchenjera kwa mawerengero ndi liwiro la zala. Ine ndikunena za nkhondo yolembedwa.

Chimene chimawakhumudwitsa ongoyamba n'chakuti wolanda dziko ayenera kuodira pakhomo. Amaona ngati n'zosamveka, nati, kodi ndi mfumu iti idapemphapo chilolezo kwa mdani wake? Koma taganizani, abale: chilumbacho sichili pa nyanja iliyonse ya pansi pano, chili m'mutu mwa munthu wina wamoyo, kaya wa ku Brazil, kaya wa ku Philippines, amene wakhala miyezi kapena zaka akutcha mayina mapiri ake, akulemba mbiri ya mafumu ake ndi malamulo a nyumba yake ya malamulo. Ukalemba wekha kuti zombo zanga zakocheza usiku, asilikali ake onse aphedwa, likulu lagwa, ndiye kuti sunalande kanthu, wangolankhula. Osewera akale khalidwe lotere amalitcha godmoding, ndipo chilango chake n'chimodzi, chosaphonya: amangokuleka osakuyankha, ndipo nkhondo yako yonse, ndi zombo zake ndi akazembe ake, imakhala ngati sidachitike konse. Safunsa adadya phula. Mwambo umene umagwiriziza masewerawa, umene ine ndiuona kuti ndi wanzeru kopambana, ndi wakuti woponya amanena zimene waponya, koma wolasidwa ndiye amanena kuti zam'pweteka motani. Chotero munthu wochenjera amayamba watumiza mawu kwa mnzakeyo kunja kwa nkhani, nakambirana naye ngati nkhondoyo idzakhala ya zida za lero kapena za makedzana, ngati abwenzi a mbali ziwiri aloledwa kulowererapo, ngati mabomba a nyukiliya aletsedwa, ndi ngati wogonja adzataya chilumba chonse kapena doko limodzi lokha. Akatero amabwerera m'nkhani, nakonza chifukwa chomveka, kaya mkangano wa malo a usodzi, kaya ngongole yosabwezedwa, kaya othawa kwawo amene abisala pachilumbapo. Akazembe amalemberana makalata, tsiku lomaliza limaikidwa, ndipo nkhondo ikadza, owerenga amakhala ataiona ikudza.

Mwini chilumba akalola, mdani woyamba amene uyenera kukomana naye ndiwo madzi. Pano ndi pamene ambiri amanamiza owerenga, pakuti amalemba ngati nyanja ndi msewu woyalidwa, pamene mbiri ya anthu imachitira umboni kuti nyanja yameza mafumu aakulu koposa iwo. Kublai Khan adatumiza zombo zake ku Japan m'chaka cha 1274 ndiponso m'chaka cha 1281, ndipo ulendo wachiwiriwo namondwe adaziphwanya. Mfumu Philip II ya ku Spain idatumiza zombo pafupifupi 130 ku England m'chaka cha 1588, ndipo zambiri zidakasweka pa magombe a Scotland ndi Ireland pobwerera. Hitler, atagonjetsa France m'chaka cha 1940, adakonza zowoloka kanyanja kopapatiza kamene kamalekanitsa dzikolo ndi Britain, koma ndege zake zitalephera kulamulira mlengalenga, adazengereza, ndipo sadawolokenso.

Koma phunziro limene ndifuna wosewera aliyense alisinkhesinkhe ndi la zilumba za Falkland m'chaka cha 1982, chifukwa m'menemo muli zonse. Argentina idalanda zilumbazo pa 2 Epulo, mosavuta, pakuti alonda ake adali owerengeka. Britain, pofuna kuzibwezera m'manja mwake, idayenera kutumiza zombo ulendo wa makilomita pafupifupi 13,000, ndipo sikadatha popanda kachilumba ka Ascension, kamene kali chapakati pa njirayo, pamene ndege ndi katundu zinkapumira. Sitima zankhondo zokha sizidakwane, kotero boma lidatenga sitima za amalonda ndi za apaulendo, monga Canberra ndi Queen Elizabeth 2, kuti zinyamule asilikali, mafuta ndi kamba. Asilikaliwo adakocheza ku San Carlos pa 21 Meyi, kutali ndi likulu la Stanley, pamalo pamene adaniwo sadalimbitse. Koma pa 25 Meyi mizinga ya Exocet idalasa sitima ya katundu ya Atlantic Conveyor, ndipo mwa mahelikopita anayi aakulu a Chinook amene idabwera nawo, imodzi yokha idapulumuka. Chifukwa cha kutayika kwa sitima imodzi imeneyo, imene sidali ngakhale ya nkhondo, asilikali amene amayenera kuuluka adayenda pansi makilomita pafupifupi 90, m'madambo ozizira a nyengo yachisanu, atasenza katundu wolemera kumsana. Argentina idagonja pa 14 Juni. Adafa asilikali ake 649, a Britain 255, ndi anthu atatu a pachilumbapo. Taonani tsono kuti nkhani yokoma, imene imagwira mtima wa wowerenga, ili pa sitima ya katundu imene idamira ndi pa mapazi a anthu amene adayenda. Ndipo wosewera amene akana kuti chombo chake chilichonse chimire wadzimana yekha nkhani yotere.

Mu Uthenga Wabwino wa Luka, mutu 14, Ambuye akunena za mfumu imene, isanapite kunkhondo, imayamba yakhala pansi ndi kuwerenga ngati ankhondo ake angalimbane ndi a mnzake amene awaposa, ndi kuti ikaona kuti singathe, imatumiza akazembe a mtendere mdaniyo akali kutali. Wosewera achite chimodzimodzi. Alembe mndandanda wa ankhondo ake woyenerana ndi kukula kwa dziko lake ndi chuma chake, pokumbukira kuti pa msilikali aliyense wonyamula mfuti pali ena ophika, oyendetsa magalimoto, okonza mainjini ndi osamalira ovulala; adzifunse kuti zombo zake zinganyamule anthu angati ulendo umodzi, zitenga masiku angati, ndipo amene atsike poyamba adzadya chiyani podikira otsatira. Adzifunsenso kuti doko adzalipeza liti, pakuti gombe la mchenga limalandira anthu koma silidyetsa gulu lankhondo nthawi yaitali.

Ndipo ife a m'dera lino tisayese kuti nkhani ya kuthira nkhondo chilumba ndi ya azungu okha, pakuti agogo athu adaiona ndi maso. M'chaka cha 1942 Britain, poopa kuti Japan ingatenge madoko a Madagascar, amene pa nthawiyo adali m'manja mwa Afalansa a boma la Vichy, idakocheza pafupi ndi Diego Suarez pa 5 Meyi, ndipo dokolo lidagwa pa masiku atatu. Koma chilumbacho n'chachitali makilomita pafupifupi 1,600, ndipo bwanamkubwa Armand Annet adakana kugonja. Pa 10 Seputembala ankhondo a Britain adakochezanso ku Majunga, ndipo pakati pa amene adayenda kuchokera kumeneko kulowera ku likulu la Tananarive padali asilikali a King's African Rifles, ena mwa iwo ana a Nyasaland. Afalansawo ankagumula milatho ndi kutchinga misewu ndi mitengo ndi miyala, malungo nawo ankagwetsa anthu. Likulu lidagwa pa 23 Seputembala, koma nkhondo idatha pa 6 Novembala, patapita miyezi isanu ndi umodzi chiyambire. Mnyamata wa ku Zomba kapena ku Chipata amene alemba kuti walanda chilumba pa ndime imodzi akumbukire kuti anthu a magazi ake adachiyenda chilumba ndi mapazi, ndipo adadziwa kuti doko likagwa ntchito imakhala itangoyamba.

Pakuti walira mvula walira matope. Ajeremani adatera pa chilumba cha Crete ndi maparachuti pa 20 Meyi 1941, nagwira bwalo la ndege la Maleme, ndipo pofika kumayambiriro kwa Juni chilumba chidali chawo; koma adataya asilikali ochuluka kotero kuti Hitler sadalolenso nkhondo yaikulu ya mtundu umenewo, ndipo anthu wamba a pachilumbapo adapitiriza kulimbana nawo kufikira nkhondo yonse itatha, ngakhale midzi yawo, monga Kandanos, idatenthedwa pobwezera. Wolemba woona asalumphe gawo limeneli. Pachilumba cha mnzakocho pali asodzi, aphunzitsi, amayi a pamsika ndi ansembe, ndipo mnzakoyo ali ndi ufulu wonse wolemba kuti akukana msonkho wako, akubisa mfuti m'mapanga, akuimba nyimbo zimene waletsa. Uyenera kuyankha: kodi udzawalamulira ndi dzanja lachitsulo ndi kusenza manyazi ake pamaso pa maiko ena, kapena udzakhala nawo pansi ndi kubweza zina zimene watenga? Apa ndi pamene zimaoneka ngati wosewera ali ndi nzeru za utsogoleri, ndipo ndinganene mosaopa kuti gawo limeneli limaposa kukoma kwa tsiku lokocheza.

Alipo akuluakulu amene adzati, ngakhale zili choncho, si bwino kuti ana azisewera ndi nkhondo, pakuti nkhondo simanga mudzi. Mawu awo ndiwalemekeza, ndipo nkhawa yawo ndiimva, makamaka pamene masewera alanda tulo ndi ndalama za mayunitsi zimene zikadagula makope. Koma ndikhulupirira ndi mtima wonse kuti mnyamata amene wakakamizidwa kuwerenga mafuta a zombo zake, kulemba ndi dzanja lake chiwerengero cha akufa a mbali yake, ndi kudikira moleza kuti mdani wake ayankhe, amatuluka m'masewerawo akuiopa nkhondo koposa mnzake amene amangoionera pa kanema. Ndipo pamwamba pa izo waphunzira mapu, mbiri, kalembedwe ndi luso lokambirana ndi munthu amene sagwirizana naye.

Chotero inu makolo, mukapeza mwana wanu akukonza zothira nkhondo chilumba chongopeka, musafulumire kum'landa foni. Khalani naye pansi, mum'funse ngati wapempha mwini wake, ngati wawerenga kamba wa asilikali ake, ndi chimene adzachita ndi anthu a pachilumbapo akadzachitenga. Ndipo iwe mnyamata, usanatumize chombo ngakhale chimodzi, lembera mwini chilumbayo kalata yaulemu, ndipo akakana, umusiye ndi chilumba chake, ukafunefune wina wofuna kulemba nawe.