ZA MALAMULO: Apolisi Akaseca Nyumba Popanda Cilolezo

Munthu wa kwa Mfumu Zingalume m'boma la Chadiza akagwidwa pa mlandu wa kuba moopseza ndi mfuti, mfumu kapena khoti la kumudzi sizingathe kuuweruza. Mlandu wotere umapita ku Khoti Lalikulu, monga la ku Chipata. Kale cilango cake cinali imfa, koma kucokera mu December 2022, pamene dziko la Zambia linacotsa cilango ca kunyonga, wopezeka wolakwa amakhala m'ndende moyo wake wonse.

Abale ambiri amakhulupirira kuti ngati apolisi anaseca nyumba popanda kalata ya cilolezo yocokera kwa majisitireti, mwana wao adzamasulidwa pa apilo. Ena amagulitsa ng'ombe ndi cimanga podalira mfundo imeneyi yokha. Lamulo silitero ai.

Mu 1976 khoti la Supreme linaweruza mlandu wa Liswaniso, wapolisi amene anamangidwa cifukwa colandira ciphuphu ca K80. Cilolezo comuseca cinatengedwa ndi lumbiro labodza, komabe oweruza ananena kuti umboni wokhudza mlandu ungalandiridwe ngakhale unapezeka mosatsata lamulo. Sanayamikire mcitidwe wa apolisiwo, koma ndalamazo sanazikane. Cimodzimodzinso mfuti kapena katundu wakuba wopezeka pansi pa mphasa.

Nanga apilo ingaime pa ciani? Coyamba ndi mfuti yeniyeniyo. Pa mlandu wa John Timothy ndi Feston Mwamba mu 1977, khoti lomwelo linati boma liyenera kutsimikiza kuti cida cimene mboni zinaona cinali mfuti yotha kuombera. Mtengo wosemedwa ngati mfuti sukwanira pa cilango cacikuluco, ngakhale kuti mlandu wa kuba moopseza umatsalabe, ndipo cilango cake sicicepera zaka 15.

Caciwiri ndi mau obvomera mlandu. Ngati munthu anabvomera cifukwa comenyedwa kapena kuopsezedwa, mauwo amakanidwa. Cacitatu ndi ulesi pofufuza: apolisi akalephera kutenga zidindo za zala pamene zikanatheka kutengedwa, khoti lingaganizire cosowaco mokomera woimbidwa mlandu, pokhapokha umboni wina utakhala wolimba kwambiri.

Khoti la Apilo, limene linakhazikitsidwa mu 2016, nthawi zambiri siliitananso mboni. Limawerenga zimene zinalembedwa pozenga mlandu. Cotero wosecedwa ayenera kuonetsetsa pamene cinthu ciriconse capezeka, ndiponso amene analipo, kaya ndi anyakwawa kapena anansi. Zonsezi auze loya wake mlandu usanayambe, pakuti cimene sicinanenedwe pamaso pa woweruza woyamba ncobvuta kucidzutsa pambuyo pake.

Akulu amati mlandu suola, koma nthawi ya apilo imatha. Kalata ya apilo iyenera kuperekedwa pasanathe masiku 30 cigamulo citaperekedwa. Banja losowa ndalama lifulumire kupita ku ofesi ya Legal Aid Board ku Chipata, lisanatsegule khola ndi kugulitsa ng'ombe zolimira.