Chakudya cha Angerezi ku Spain n'choyenera kulawa

Mlendo wofika ku Benidorm, m'mphepete mwa nyanja ku Spain, amadabwa kuona timalesitilanti tambirimbiri togulitsa chakudya cha ku England. Tina timayendetsedwa ndi banja limodzi, bambo ali kukhitchini, mayi akulandira odzadya. Ine ndikuona kuti malo oterewa ngoyenera kulowamo. Chifukwa chake n'chakuti nyengo ya alendo ikatha, amene amatsala akudya pamenepo ndi Angerezi opuma pantchito omwe anakhazikika kumeneko. Anthu amenewa anakulira chakudyachi, ndiye sungawapusitse. Nsomba ya cod ikakazingidwa m'mafuta akale, kapena tchipisi chikafika patebulo chitazizira, mawa sabweranso, ndipo banja lodalira matebulo ochepa silingalole kutaya kasitomala mwachisawawa.

Ena amati n'kuwononga ndalama kupita ku Spain n'kukadya mazira, soseji ndi nyemba za m'chitini m'malo mwa paella, chakudya cha mpunga cha eni dziko. N'zoona kuti paella ndi tapas, tizakudya ting'onoting'ono ta ku Spain, ziyenera kukhala patsogolo, koma kudya za Angerezi kamodzi pa mlungu sikulanda malo a zakudya za eni dziko. Enanso amati Angerezi sadziwa kukometsera ndiwo. Vuto limeneli limapezeka kwambiri m'malesitilanti amene amangotenthetsa zophikiratu zochokera kufakitale. Nyama yowotcha ya Lamlungu, yophikidwa tsiku lomwelo ndi kuthiridwa msuzi wochokera ku nyama yomweyo, imakoma popanda tsabola wambiri. Choncho musanalowe, yang'anani mndandanda wa zakudya. Ukakhala waufupi, ndipo pamatebulo pali anthu okhala konko, lowani mudye.